Digiri Yakwera Mtengo, Phindu Lake Latsika

Banja la kwa Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, likafuna kuti mwana wake apeze digiri lero limalipira zambiri kuposa zimene mabanja a m'badwo wapitawu ankalipira, koma chimene limapeza pamapeto pake n'chochepa. Mtengo wakwera, ndipo wachoka m'manja mwa boma n'kugwera kholo ndi mwana yemwe. Maphunziro enieniwo afooka chifukwa cha kuchuluka kwa ophunzira ndi ngongole zimene mayunivesite amira nazo. Ntchito imene digiri inkatsegulira khomo nayo yasowa. Kutsika kumeneku kwatenga zaka zoposa 40, ndipo mindandanda ya mayunivesite otchuka, imene imayendayenda pa mafoni nyengo yosankha sukulu ikafika, siikhudzako n'pang'ono pomwe.

Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha m'dziko la anthu oposa 3 miliyoni. Komiti ya Sir John Lockwood inali italangiza kale mu 1963 kuti dzikoli likhale ndi yunivesite yakeyake, ndipo University of Zambia, imene tonse timangoti UNZA, inatsegulidwa mu Malichi 1966 ndi ophunzira 312. Anthu wamba anasonkha nawo pomanga, ena ndalama, ena ziweto. Wolowa UNZA m'zaka zoyambirirazo boma linkamulipirira zonse: maphunziro, chakudya, pogona ndi mabuku. Akamaliza, ntchito inkamudikirira m'boma, m'migodi kapena m'makampani aboma. Kwa mwana wa ku Lundazi chovuta chinali kupeza malo. Akangowapeza, umphawi wa kwawo sunkamutsekerezanso, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti wapeza pothawira.

Zinthu zinayamba kupendekeka mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975. Pofika m'ma 1980 malipiro a aphunzitsi a pa yunivesite anali atatha mphamvu, ndipo ambiri mwa odziwa ntchito anawolokera ku Botswana ndi ku Swaziland, kenako ku Namibia ndi ku South Africa. M'ma 1990 boma linakhazikitsa mfundo yoti kholo lizithandizana nalo kulipira, ndipo lamulo la 1992 linatsegulira njira mayunivesite omwe si aboma. Kuyambira mu 2004 thandizo limene ophunzira ankalandira linayamba kuwerengedwa ngati ngongole, ngakhale kuti kwa zaka zambiri panalibe wotolera. Lamulo la 2016 linakhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB, m'malo mwa Bursaries Committee yakale ija, ndipo mu 2018 bungweli linayamba kudula ndalama pa malipiro a amene anathandizidwa kuchokera mu 2004. Ophunzira a lero amangotchulabe kuti "BC" monga ankatchulira akuluakulu awo, koma chimene akulandira ndi ngongole ya chiwongoladzanja.

Kuti timvetse kulemera kwa mtengowu tiyenera kuuwerengera m'matumba a chimanga, chifukwa ndimo mmene banja la kwa Kapichila limawerengera. Food Reserve Agency inkagula thumba la makilogalamu 50 pa K280 mu 2023, pa K330 mu 2024 ndi pa K340 mu 2025. Pa mitengo ya zaka ziwiri zomalizazi, K10,000 iliyonse yopita ku yunivesite ndi matumba pafupifupi 30. Mlimi wamng'ono m'Zambia kawirikawiri amakolola matani awiri pa hekitala kapena kucheperapo, amene ndi matumba 40. Ndiye kuti K10,000 iliyonse imadya magawo atatu mwa anayi a zokolola za hekitala yathunthu, tisanachotsepo za feteleza, mbewu, matumba opanda kanthu, ngolo yonyamulira ku depoti, ndi chakudya cha otsala pakhomo. Kuwerengera kumeneku n'kwa chaka chimene mvula yagwa bwino ndiponso mlimi wagulitsa ku FRA. Wogulitsa kwa mavenda mu Meyi, chifukwa choti mwana waimba foni kuti sakumulola kulemba mayeso, amalandira zocheperapo. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, mabanja ambiri kum'mawa kuno analibe choti agulitse, koma kalendala ya yunivesite sinasinthe.

Fizi ndi gawo limodzi chabe. Kuchokera pa boma la Lundazi kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ena pafupifupi 570. Mayunivesite aboma amene ana athu amalakalaka ali kutali konse: UNZA ndi Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka, Chalimbana ku Chongwe, Mulungushi ndi Kwame Nkrumah ku Kabwe, Copperbelt University ndi Mukuba ku Kitwe, Kapasa Makasa ku Chinsali. Mwana wa ku Lusaka akhoza kuphunzira akugona kwa makolo ake, pamene wa kwa Kapichila amalipira basi, lendi, makala, magetsi ndi ndiwo pa mitengo ya m'tauni. Mahositelo a pa Great East Road anamangidwira ophunzira masauzande ochepa, pamene UNZA lero ili ndi oposa 20,000. Chipinda cha awiri chimagona anthu anayi, asanu kapena kuposerapo, ndipo osowa malo amakachita lendi ku Kalingalinga, ku Ng'ombe kapena ku Kaunda Square. Pamwamba pa izi pali laputopu, foni yamakono ndi mabandulo a intaneti, zimene mphunzitsi aliyense amayembekezera kuti wophunzira ali nazo. Zambiri mwa zimenezi zimachokera kunja, ndipo Kwacha imene inali pafupifupi K5 pa dola imodzi mu 2013 inali itapitirira K25 mu 2024. Mzinda wa Mzuzu ku Malawi, kumene kuli Mzuzu University, uli pafupi ndi Lundazi kuposa Lusaka ukadzera pa chipata cha Lusuntha, koma kumeneko mwana wa ku Zambia ndi mlendo ndipo ngongole ya HELSB simufikira.

Ndalama ya chakudya imene boma limapatsa ophunzira yaonetsa mmene moyo wa wophunzira wosauka umadalirira maganizo a andale. Mu Okutobala 2018 ophunzira a pa UNZA anachita zionetsero chifukwa ndalamayi inachedwa, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'mahositelo, ndipo mtsikana wina wa chaka chachinayi anamwalira. Kumayambiriro kwa 2019 nduna ya maphunziro apamwamba, a Nkandu Luo, anathetseratu ndalamayi. Boma la UPND linaibwezeretsa mu 2023, ndipo linachita bwino. Koma amene analowa sukulu m'zaka zinayi zapakatizo anaphunzira ndi njala kapena anabwerera kwawo, ndipo ndalama yobwezeretsedwayi imawonjezedwa pa ngongole imene mwana adzabweze.

Ngongoleyo si yaing'ono. Chiwongoladzanja chinali 15 peresenti mpaka pamene boma linachitsitsa kufika pa 10 peresenti kuyambira mu 2024, ndipo nthawi yobweza ndi zaka 10. Tikawerengera monga amachitira mabanki pa ngongole yobweza mwezi ndi mwezi, wokongola K100,000 pa 10 peresenti amalipira pafupifupi K1,320 pa mwezi, ndipo pakutha pa zaka 10 amakhala atapereka pafupifupi K158,000. Pa 15 peresenti zikanafika pafupifupi K194,000. Sindikutsutsa kuti wothandizidwa abweze, pakuti ndalama zobwezedwazo ndi zimene zimalipirira ang'ono ake. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwana wa zaka 18 amasaina pangano lotere popanda womuuza kuti mwa amene anatenga digiri yomweyo zaka zapitazo ndi angati akulandira malipiro okwanira kubweza. Ndiponso opeza ngongoleyi ndi amwayi, chifukwa opempha amachuluka chaka chilichonse kuposa olandira, ena amapatsidwa gawo chabe la fizi, ndipo ngongoleyi ndi ya mayunivesite aboma. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, zimalipirira ana a ku sekondale zogonera komweko ndi a m'makoleji a ntchito zamanja. Za yunivesite sizimalipira. Maphunziro aulere mpaka Giredi 12, amene anayamba mu Januwale 2022, akutanthauza kuti ana ambiri a ku Lundazi adzafika pa khomo limeneli kuposa kale lonse, ndipo khomolo silinakuzidwe mofanana.

Nanga wolipira zonsezi akugula chiyani? UNZA ili ndi ngongole ya mabiliyoni a Kwacha, yambiri ya misonkho, ya bungwe la penshoni la NAPSA ndi ya antchito ake amene anapuma kapena amene makontirakiti awo anatha koma sanalandire zawo. Bungwe la aphunzitsi, UNZALARU, lakhala likunyanyala kapena kubisa zotsatira za mayeso kambirimbiri chifukwa cha malipiro ochedwa. Popeza thandizo la boma silikwana, yunivesite imatenga ophunzira odzilipirira ochuluka kuti ipeze ndalama, ndipo makalasi a chaka choyamba amakhala a anthu mazanamazana, ena ataimirira pakhomo. Mphunzitsi mmodzi sangawerenge mosamala ntchito ya anthu ochuluka chotero, ngakhale atakhala wodzipereka bwanji, ndipo odzipereka alipo ambiri. Sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, digiri ya zaka zinayi imatenga zisanu, ndipo chaka chowonjezeracho amalipira ndi mlimi uja.

Mayunivesite omwe si aboma apitirira 50. Ena mwa iwo akugwira ntchito yabwino ndipo atsegulira njira ana amene akanatsala. Ena ndi nyumba zobwereka zokhala ndi chikwangwani chachikulu, aphunzitsi aganyu ndi laibulale ya mashelefu ochepa. Higher Education Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, yakhala ikuchotsa ena m'kaundula wake, ndipo mu 2018 Health Professions Council of Zambia inaimitsa maphunziro ena azaumoyo m'mayunivesite angapo chifukwa chosakwaniritsa zofunika. Chigamulo chotere chikabwera, kholo limakhala litalipira kale zaka ziwiri kapena zitatu. Chizindikiro china chinaoneka mu 2021, pamene mwa anthu 395 amene analemba mayeso a ZIALE, omwe munthu ayenera kukhoza asanaloledwe kuimira milandu, mmodzi yekha ndi amene anakhoza maphunziro onse. Anthu anakangana ngati vuto linali la ZIALE kapena la mayunivesite amene anawaphunzitsa. Kwa kholo mkanganowo ulibe ntchito, chifukwa mbali iliyonse imene ili yolakwa, digiri ya malamulo imene linalipirira sinamufikitse mwana ku khoti.

Za ntchito ziwerengero za 2022 zikunena zokwanira. Boma litalengeza kuti lilemba aphunzitsi, anthu oposa 100,000 anapempha, ndipo analembedwa ndi 30,496. Chaka chomwecho linalemba azaumoyo oposa 11,000, opempha nakhala ochuluka kwambiri kuposa malo. Kumeneku kunali kulemba ntchito kwakukulu kumene dzikoli linali lisanakuonepo kwa nthawi yaitali, komabe aphunzitsi ophunzitsidwa bwinobwino pafupifupi 70,000 anatsala, ndipo makoleji sanasiye kutulutsa ena. Ngakhale madokotala achinyamata akhala akugwira ntchito m'zipatala zaboma mongodzipereka, osalipidwa, podikira kulembedwa. Uphunzitsi ndi unamwino ndi ntchito zimene mabanja a kumudzi amazidziwa ndi kuzikhulupirira, choncho ndi kumene ana athu amathamangira, ndipo ndi kumenenso mzere watalika koposa. Kwa Kapichila omaliza maphunziro obwerera kudzalima soya ndi mtedza, kapena kukhala m'kanyumba ka Airtel Money pa boma, si achilendonso. Kulima si kolakwika. Koma sikumene banja linagulitsira ng'ombe.

Apa m'pamene mindandanda ya mayunivesite imalowa. Mu Okutobala 2022 Times Higher Education ya ku London inaika UNZA m'gulu la mayunivesite a pakati pa nambala 501 ndi 600 pa dziko lonse, ndipo nkhaniyi inalandiridwa ndi chimwemwe monga umboni woti yunivesite yathu ili pakati pa otsogola mu Africa. Sindikunyoza zimenezi. Ofufuza a UNZA, makamaka a zaumoyo, agwira ntchito yolemekezeka pa matenda a Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo pamodzi ndi anzawo akunja. Koma tiyenera kuona chimene chinayezedwa. Pa muyeso wa chaka chimenecho, 30 peresenti ya mamakisi inkachokera ku kuchuluka kwa nthawi zimene zolemba za ofufuza zatchulidwa ndi ofufuza ena, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa atatu linkachokera ku maganizo a akatswiri ofunsidwa za kutchuka kwa yunivesite. Pepala limodzi lolembedwa ndi ofufuza ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana likhoza kukweza yunivesite yonse, pamene wophunzira wa chaka choyamba akugona pansi. Chaka chotsatira Times Higher Education inasintha kawerengedwe kake, ndipo mayunivesite ambiri anakwera kapena kutsika popanda chilichonse chosintha m'kalasi.

Mindandanda ina nayo ili ndi zake. Wa QS umadalira kwambiri mbiri, ndipo maganizo a akatswiri okha amatenga 30 peresenti. Wa ku Shanghai, umene unayamba mu 2003, umawerenga opambana mphotho za Nobel. Wa Webometrics, wopangidwa ndi ofufuza a ku Spain, umayeza kwambiri mmene yunivesite ikuonekera pa intaneti. Palinso masamba a pa intaneti osawerengeka amene amasanja mayunivesite a m'Zambia kuyambira 1 mpaka 20 popanda kupondako phazi, ndipo amenewa ndi amene amagawidwa kwambiri pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndi kuikidwa pa zikwangwani zoitanira ophunzira. Palibe ndi umodzi womwe mwa yotchukayi umene umauza kholo kuti digiri yakutiyakuti idzalidyera ndalama zingati kuyambira tsiku lokwera basi mpaka tsiku lovala gauni, kapena kuti mwa ana 100 olowa ndi angati amamaliza. Kuweruza yunivesite ndi mndandanda wotere kuli ngati kugula ng'ombe yolimira poyang'ana kutalika kwa nyanga zake.

Mayunivesite ena aakulu aona kale vutoli. Utrecht ya ku Netherlands inasiya kupereka ziwerengero zake ku Times Higher Education mu 2023, Zurich ya ku Switzerland inatsatira mu 2024, ndipo Rhodes ya ku South Africa inanena poyera kuti silowa nawo mpikisano umenewu. Mu 2023 Times Higher Education inatulutsa mndandanda wapadera wa mayiko a kum'mwera kwa Sahara, umene umaganizirako za mwayi wa ana osauka ndi phindu la yunivesite ku Africa. Umenewu uli pafupi ndi mafunso athu, koma umadalirabe mayunivesite okhawo amene alowa nawo, ndipo umaweruza sukulu yonse pamodzi, pamene mwana salembetsa sukulu yonse. Amalembetsa digiri imodzi, ndipo m'yunivesite imodzimodziyo muli madigiri amene omaliza ake amapeza ntchito msanga ndi ena amene omaliza ake amadikira zaka zambiri.

Kuopsa kwa mindandandayi n'kwakuti imakhotetsa maganizo a mbali zonse ziwiri. Atsogoleri a yunivesite amayamba kuika ndalama zochepa zimene ali nazo pa zinthu zokweza nambala, m'malo mokonza zimbudzi za m'mahositelo ndi kulemba aphunzitsi owonjezera. Makolo nawo amasankha dzina m'malo mosankha luso. Mwana amene akanalowa Chipata Trades Training Institute kapena Ukwimi Trades Training Institute ndi thandizo la CDF, n'kutuluka ndi luso la magetsi, la mapaipi kapena la makina a ulimi patatha zaka ziwiri kapena zitatu wopanda ngongole, amaumirizidwa kutenga digiri iliyonse imene yapezeka, chifukwa koleji ya ntchito zamanja imaoneka ngati ya olephera. Sindikunena kuti mwana wa kumudzi azikhutira ndi zochepa. Wokhoza masamu ndi sayansi wa kwa Kapichila ali ndi ufulu wofanana ndi wa ku Kabulonga ku Lusaka wokhala dokotala kapena injiniya, ndipo dziko limataya likamusiya. Koma banja limene lili ndi mpata umodzi wokha, chifukwa ng'ombe zikagulitsidwa sizibwerera, liyenera kusankha likudziwa zoona, ndipo lero likusankha mumdima.

Ziwerengero zofunikazo zilipo kale m'maofesi aboma. HELSB imadziwa wophunzira aliyense amene inamukongoza, digiri imene anatenga, chaka chimene anamaliza, ndiponso ngati akubweza kapena ayi. NAPSA imadziwa amene ali pa ntchito yolembedwa ndi malipiro awo. Higher Education Authority imalandira chiwerengero cha ophunzira ndi aphunzitsi kuchokera ku yunivesite iliyonse yolembetsedwa. Kuphatikiza zimenezi, popanda kutchula dzina la munthu, kungathe kutulutsa tebulo la digiri iliyonse m'yunivesite iliyonse: mtengo wonse pamodzi ndi pogona, chiwerengero cha omaliza pa nthawi yake, ndi cha amene ali pa ntchito patatha zaka ziwiri. Mayunivesite ena sadzakondwera nalo, chifukwa lidzaonetsa madigiri amene akungosungidwa kuti abweretse fizi.

Unduna wa Zamaphunziro ulamule kuti tebulo limeneli lizituluka chaka chilichonse zotsatira za Giredi 12 zisanalengezedwe, lizifika kwa aphunzitsi olangiza ana m'masekondale a ku Lundazi, ndipo liziwerengedwa pa wailesi za m'dera m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka. Kufikira zimenezi zitachitika, inu makolo a kwa Kapichila, musanagulitse thumba limodzi la chimanga, funsani ngati yunivesiteyo ndi digiri yeniyeniyo zili m'kaundula wa Higher Education Authority, funsani ngati bungwe loyang'anira ntchitoyo likuivomereza, ndipo mupeze anthu amene anamaliza digiri yomweyo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo akuuzeni okha kumene ali lero.